A Simiyoni Mbewe, Amene Tinawaika Popanda Nyimbo

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda abambo anga aakulu, a Simiyoni Mbewe, kumudzi kwawo kufupi ndi Nathenje. Tinawaika mwachinunu. Panalibe kwaya, panalibe amayi a mpingo ovala zoyera, ndipo kuchokera pakhomo mpaka kumanda chimene chinkamveka ndi mapazi a anthu m'matope basi. Mkulu wa mpingo wa kumeneko anapemphera mwachidule, maso ali kumitambo kuopa mvula. Munthu amene anaphunzitsa theka la mpingo wathu kutsegula Malemba anapita ngati mlendo wofera pamsewu.

Chifukwa chake chinali mabuku a nthano. Ana a masiku ano kwathu ku Mitundu akamva dzina lawo amangodziwa kuti inali nkhalamba yoletsedwa Mgonero, imene inkasunga mabuku a ziwanda. Ine ndinawadziwa, ndipo mabukuwo ndinawagwira ndi manja angawa.

A Mbewe anabwera m'mudzi mwathu ngati mkamwini, atakwatira a Nabanda, akulu awo a mayi anga. Mulungu sanawapatse mwana. Anali mphunzitsi wa makalasi a ana aang'ono mpaka anapuma ntchito, ndipo Lamulungu ankaphunzitsa Sande sukulu pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi. Anali wamtali, woonda, ndipo jekete lawo linali ndi matumba olendewera chifukwa chonyamula mabuku. Akamayenda ankaweramira mbali imodzi, mbali ya buku lolemera.

Chimene ankafuna ndi nthano za mitundu ina ya anthu: zimene amakambirana a ku India, a kuzilumba za pakati pa nyanja zazikulu, a kuchipululu, a kumayiko ozizira kumene madzi amaundana. Kwathu zinthu zoterezi sungazipeze m'sitolo. Pa Mitundu ungagule feteleza, matayala a njinga, malata, ngakhale bokosi la maliro, koma buku la nthano za anthu akutali ayi. Choncho iwo ankasaka. Ankapalasa njinga mpaka m'tauni ya Lilongwe, n'kukanjuta tsiku lonse pamene mavenda amayala mabuku akale pansi, kutembenuza mulu wonse wa mabuku a mayeso ndi a zachikondi kuti mwina apezemo limodzi. Akamva kuti sukulu ina yalandira makatoni a mabuku ochokera kunja, ankapita kukapempha kuti angoona, ndipo nthawi zambiri ankapeza makatoniwo atatsekeredwa m'ofesi, chiswe chitayamba kale kuwerenga. Mnyamata akamapita ku Joni, anzawo ankamutuma bulangete. Iwo ankamutuma buku, ndipo palibe anabweretsapo.

Koma chitsime chawo chenicheni chinali golosale ya Che Yusufu pa Nathenje. Che Yusufu anali Msilamu, ndipo ankagula mitolo ya mapepala ndi mabuku otayidwa m'tauni kuti azikulungira usipa, mchere ndi sopo wodula. Nkhani ya mmene anadziwirana a Mbewe ankaikamba okha, mokwiya nthawi zonse ngati zachitika dzulo. Akuti tsiku lina pochokera kokaona mlongo wawo anagula usipa pamenepo. Ali m'njira anaima kuti apume, maso n'kugwera pa pepala lokulungiralo. Inali nthano ya kudziko lozizira, ya msodzi amene anabisa chikopa cha nyama ya m'nyanja, nyamayo n'kusanduka mkazi, iye n'kumukwatira. Tsambalo linathera pamene mwana wa mkaziyo wapeza chikopa chija padenga. A Mbewe anatembenuza njinga.

"Che Yusufu, buku limene mwang'ambamo tsamba ili lili kuti?"

"Lili m'makomo mwa Nathenje yense, aphunzitsi. Ndayamba kalekale kukulungira."

"Tsamba lotsatira munapatsa ndani?"

"Ine ndimayang'ana sikelo, sindiyang'ana nkhope. Pitani muzikanunkhiza, khomo limene kukumveka usipa mukagogode."

Ndipo anapitadi khomo ndi khomo. Anapeza masamba angapo onona mafuta, koma mapeto a nthanoyo sanawapeze. Kuyambira pamenepo Che Yusufu akamasula mtolo, buku lililonse lokhala ndi zithunzi za nyama kapena za anthu achilendo ankaliika pambali. Awiriwa ankakangana za chipembedzo nthawi iliyonse akakumana, wina kunena kuti mnzake akupita kumoto, kwinaku akumwera tiyi m'ketulo imodzi.

Si buku lililonse limene ankalilandira. Ankayamba kulitsegula kumbuyo, kuona ngati tsamba lomaliza lilipo, pakuti usipa uja unawaphunzitsa. Kenako ankabwera kutsogolo kukafuna pamene wolembayo wanena amene anamukambira nthanozo ndi mudzi umene anazimva. Akapanda kupeza, ankati limenelo ndi buku la wakuba. Mabuku amene nyama zake zavala mathalauza ndipo palibe womwalira ankapatsa ana kuti aziseweretsa. Ankati nthano yeniyeni imakhala ndi njala, chilala, mitala ndi imfa, chifukwa anthu amene anaikamba anali ndi zimenezo pakhomo. Buku limene wolemba wake akuseka eni nthano ankaliwerengabe, koma ankalitukwana mokweza tsamba lililonse.

Mafoni atabwera ndinawaonetsa kuti nthano za dziko lililonse zikupezeka m'menemo. Anawerenga imodzi, foni ataigwira patali ngati ikuwotcha.

"Wakamba ndani imeneyi, Felesiya?"

"Sanalembe, Bambo."

"Ndiye ndi mphekesera."

Komabe tsiku lina anandiitana mwamanyazi kuti ndiwafunire mapeto a mkazi wa m'nyanja uja. Tinapeza mapeto ambirimbiri, ena mkaziyo abwerera m'madzi osachewuka, ena azibwera kudzaona ana ake m'mphepete. A Mbewe anandibwezera foni. Anati iwo akufuna mapeto a buku lawo lija, osati a anthu ena.

Wina angaganize kuti anali munthu wokayika pa chikhulupiriro. Ayi. Sindinaonepo munthu wokonda Mawu a Mulungu ngati iwo. Ankanena kuti Mulungu amene anapanga mitundu yonse kuchokera kwa munthu mmodzi sakanasiya mtundu wina uliwonse osaupatsa ngakhale ludzu lomufuna. Umboni wake ankaupeza m'nthanozo. Ankati mtundu uliwonse uli ndi nkhani yofotokoza chifukwa chimene timafera: ife tili ndi bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo, ena amati mwezi ndiwo unatuma uthenga n'kusokonekera m'njira, ena amati njoka ndiyo inalanda mwayi wofundula khungu. Ambiri ali ndi nkhani ya chigumula. Kwa iwo zimenezi zinkatanthauza kuti dziko lonse likulira kulira kumodzi, ndi kuti ife amene tinapatsidwa yankho sitingalilemekeze tisanamve kukula kwa funsolo. Akamanena zimenezi maso ankalengeza misozi.

Sindikufuna kuwayeretsa, pakuti woyera ndi Mmodzi. A Mbewe anali waulesi kumunda. Mvula ikagwa, anthu ali kalikiliki ndi makasu, iwo ali pakhonde kumata chikuto.

"A Mbewe, anzanu akupalira."

"Ndikubwera, a Nabanda, ndingomaliza tsamba ili."

"Tsamba limenelo ndi limene tidzaphike njala ikafika?"

Munda unalimidwa ndi a Nabanda zaka zonse, ndipo msana wawo unapindika msanga. Koma anali a Nabanda omwewo amene ankasokera mabukuwo zikuto za nsanza za zitenje, kwinaku akudandaula. A Mbewe analinso ndi pakamwa. Mlaliki akaphonya liwu powerenga Malemba, iwo ankamukonza mokweza ali pa benchi, mpingo wonse ukumva. Mmodzi mwa amene anakonzedwa kawirikawiri anali a Kachingwe, mkulu wa mpingo, amene ali mwana anaphunzira kulemba dzina lawo m'kalasi ya a Mbewe.

Buku limene linawagwetsa analipeza kwa Che Yusufu komweko. Linali lalikulu, la zithunzi zokhazokha, lonena za miyambo ya anthu a kumapiri ena a ku Ulaya. Munali azungu atavala zikopa, mabelu m'chiuno, ndi zigoba zosema zamatabwa kumaso, zina zanyanga, zina za mano otuluka, akuthamangitsa anthu m'misewu ya mudzi wawo pothamangitsa nyengo yozizira. Tsamba lina linkaonetsa bambo akusema chigoba. Lina linkaonetsa mnyamata atakweza chigoba chake pamutu, nkhope ili thukuta lokhalokha, akuseka.

A Mbewe anakondwa ngati atola mwana. Lamulungu lotsatira, Sande sukulu itatha, anaitana ana ndi amayi amene anali pafupi n'kuyamba kuwatsegulira masamba pakhonde. Ankafuna aone kuti ngakhale azungu ali ndi zawo.

Ine za kudambwe sindizidziwa ndipo sindizilemba. Chimene aliyense kwathu amadziwa n'chakuti mkazi ndi mwana wosalowa mwambo sauzidwa kuti chilombo cha gule wamkulu n'chiyani. Ngakhale ife a mpingo, tikakumana nacho timapatuka n'kutseka pakamwa, ndipo umo ndi mmene takhalira limodzi. A Mbewe anabadwira m'dziko lomweli ndipo ankadziwa zimenezi. Chimwemwe cha buku chinawaiwalitsa.

Sabata yomweyo kunali maliro a munthu wa gule m'mudzi woyandikana nawo. Chilombo chikudutsa pamsewu masana, kamtsikana kena kamene kanaona zithunzi zija kanaima osathawa, n'kufuula kuti, "Vulani tione ngati mwatuluka thukuta ngati mzungu uja." Mayi wake anakanyamula n'kuthawira nako m'chimanga.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe anafika amalume anga a Kamwendo, alongo awo a a Nabanda, eni mbumba yathu. Iwo sanali a mpingo, anali munthu wa kudambwe. Anakana mpando.

"Alamu, kuno mudabwera kudzakwatira kapena kudzavula anthu?"

"Alamu, bukuli ndi la azungu a kumapiri kwawo. Za kuno mulibemo ngakhale chimodzi."

"Mwanayo wafuulira mzungu, kapena wafuulira chilombo chathu?"

A Mbewe anavomera kulakwa, anapepesa, ndipo anapereka mbuzi ya a Nabanda. Kumbali imeneyo mlandu unatha, ngakhale mtima wa amalume sunathe.

Mlandu umene sunathe unali wa kwathu ku mpingo. A Kachingwe anamva kuti mphunzitsi wa Sande sukulu akuonetsa ana zithunzi za nyau, ndipo anatengera nkhaniyo ku bwalo la akulu. A Mbewe anapita ndi bukulo m'manja, ali ndi chikhulupiriro kuti akuluwo akangoona amvetsa. Anawatsegulira tsamba limene kumbuyo kwa ovala zigoba aja kunkaoneka tchalitchi chokhala ndi mtanda pamwamba. Anati taonani, anthuwa ndi opemphera ngati ife. Mawu amenewo ndiwo anawamaliza.

"Ndiye mukuti Akhristu azivina gule, aphunzitsi?" anafunsa a Kachingwe.

"Sindinatero. Ndati muone."

"Taona."

Chigamulo chinali chakuti atenthe mabuku awo onse a nthano pamaso pa akulu a mpingo, monga anachitira amatsenga aja a m'Malemba atatembenuka mtima. Mpaka atatero, Mgonero asadye, ndipo ana asawaphunzitsenso. A Mbewe anayankha kuti anthu ajawo anatentha mabuku olodzera anzawo, pamene awo ndi mabuku a anthu olira, ndipo sangatenthe kulira kwa munthu. Anawonjeza kuti a Kachingwe akanayamba aphunzira kuwerenga bwino asanayambe kuweruza mabuku. Mawu omalizawa akanatha kuwasiya.

A Kamwendo ndi a Kachingwe anali asakupatsana moni kwa zaka, chilimbiranirane mtembo wa mayi wina amene a gule ankati ndi wawo, a mpingo n'kumatinso ndi wawo. Mwezi umenewo ndinawaona ndi maso anga pamsika wa Mitundu atakhala benchi imodzi, akugawana chimanga chootcha. Zimene maulaliki onse analephera kuyanjanitsa, kudana ndi a Mbewe kunayanjanitsa.

Anthu ankayembekezera kuti asiya kupemphera kapena apita ku mpingo wina, pakuti mipingo ndi yambiri masiku ano. Sanapite. Lamulungu lililonse ankafika woyamba n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Tsiku la Mgonero ankakhala pomwepo, manja atawatambasula pamaondo, akuimba nawo. Mbale ya mkate inkafika pa munthu wa kumanja kwawo, wogawayo n'kuikweza pang'ono, kuidutsitsa patsogolo pawo, n'kuipereka kwa wa kumanzere. Chikho chimodzimodzi. Amene anabwerera ku mowa anakhululukidwa, amene anapereka mimba kwa ana a sukulu anakhala kunja kanthawi n'kubwezeredwa. A Mbewe anakhala pa benchi imeneyo mpaka tsitsi lonse linayera. Kangapo a Nabanda anawagwadira m'nyumba kuti angotentha. Iwo ankati akatentha ndiye kuti avomera bodza, ndipo sangapite pagome la Ambuye atanyamula bodza m'kamwa.

A Nabanda atamwalira, amalume sanachedwe. Titangometa, anaitana anthu n'kuwasudzula a Mbewe, ndiye kuti kuwamasula ukamwini kuti abwerere kwawo. Mwambo umalola, makamaka popanda ana, ngakhale akamwini ena okalamba amasiyidwa kuti afere pamene anakalambira. Nyumba ya njerwa imene anamanga inatsala. Iwo anakwera ngolo ya ng'ombe ndi mphasa, ndowa, ndi matumba a ziguduli odzaza mabuku, n'kudutsa njira ya fumbi yopita ku Nathenje. Sanatsanzike munthu.

Kwawoko mlongo wawo anali atamwalira kale. Zidzukulu zake zinkangowadziwa dzina, koma zinawapatsa kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi. Matumba aja anawasanjika pa njerwa kuopa chiswe, iwo n'kumagona pansi. Anayamba kupemphera ku tchalitchi cha kumeneko, koma mbiri yawo inali itafika ngolo isanafike, ndipo mbale inkawadutsanso.

Chaka chatha, mvula ili pakati, ndinamva kuti miyendo yawo yatupa ndipo kuchipatala awabweza kuti akapumire kunyumba. Njira yachidule inali matope okhaokha, choncho ndinazungulira m'tauni pa minibasi. Ndinawapeza atatsamira chipupa, akupuma movutika.

"Felesiya, ndatopa. Ndikufuna Mgonero ndisanapite."

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa kumeneko. Anandilandira bwino, koma anati nkhaniyo si yawo, amene anamanga ndiwo ayenera kumasula. Ndinaimbira foni a Kachingwe. Anati bwalo la akulu lidzakhala abusa akadzabwera, mvula ikadzachepa, pakuti msewu sukuyendeka. Ndinati munthuyu sadikira mvula. Anati chigamulo chilipo kale ndipo a Mbewe akuchidziwa, ayambe atentha.

Ndinawafotokozera a Mbewe zonse monga ndinamvera. Anangogwedeza mutu.

M'mawa mwake ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza akukwawa, akukoka thumba kutulukira nalo pakhomo.

"Bambo, dikirani akuluwo abwere kaye."

"Iwo ali ndi nthawi. Ine ndilibe. Gwira uko."

Ndinakana. Anapitiriza kukoka okha, akugwa n'kudzukanso, mpaka sindinathe kupirira kuwaona, ndipo ndinanyamula matumba otsalawo kupita nawo kuseri kwa nyumba. Tili pomwepo anafika Che Yusufu, nawonso atakalamba, akuyenda ndi ndodo, atatenga shuga ndi masamba a tiyi kudzazonda mnzawo. Anaima n'kuyang'ana mulu wa mabuku ndi botolo la palafini.

"Aphunzitsi, mwayamba misala?"

"Ndikupita kwathu, Che Yusufu. Akuti katunduyu salowa pakhomo."

"Ndipatseni ine. Ndikasunga m'sitolo, ndani akabwera kudzafufuza kwa Msilamu? Muwauze kuti mwatentha."

"Ndikanamize pagome la Ambuye?"

"Ndiye ndibwezereni ndikakulungire usipa. Bola wina aziwerenga theka panjira, ngati munachitira inu."

A Mbewe anaseka, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa. Atapuma anati, "Munakhala zaka zonsezi mukundiuza kuti ndikupita kumoto. Lero moto ndi uwu, ndibwerekeni machesi."

"Machesi anga sayatsa zimenezo."

A Mbewe anayatsa ndi khala la pamoto wanga wophikira. Mabuku a nthawi ya mvula sapsa msanga. Anali a chinyezi, ndipo ankangofuka utsi woyera wotsamwitsa. A Mbewe anayenera kumatenga limodzilimodzi, kulitsegula pakati, n'kuliimika pamoto ngati kadenga kuti mpweya ulowe. Motero buku lililonse linadutsa m'manja mwawo lili chitsegukire, ndipo ndinkaona maso awo akuthamangira pamizere asanaliike. Zikuto za zitenje zimene anasoka a Nabanda ndizo zinkayamba kugwira moto. Buku la zigoba lija linali lolimba kwambiri, linatsala lokha likunyeka pamene ena onse anali phulusa. Che Yusufu anakhala pa chitsa atatifulatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzuwa litapendeka a Mbewe anati ndipemphere. Ndinapemphera, koma sindikumbuka chimene ndinanena.

Ndinapita pachulu pamene foni imagwira bwino, n'kuimbiranso a Kachingwe.

"Atentha onse. Ndikupempha mutumize mawu kwa akulu a kuno kuti awapatse Mgonero."

"Anaona ndani, mayi?"

"Ine ndi Che Yusufu."

"Inu ndinu wachibale, ndipo winayo si wa mpingo. Chigamulo chinati pamaso pa akulu. Tidziwa bwanji kuti sanabise ena?"

"Bwerani mudzaone phulusa."

"Phulusa ndi phulusa, mayi. Ngakhale mapesi amasiya phulusa. Tidzakambirana bwalo likadzakhala."

Nditabwerera m'nyumba a Mbewe anandiyang'ana osafunsa. Ndinati, "Ati adzakambirana." Anatembenukira kuchipupa, kumene kunatsala njerwa zopanda kanthu pamwamba. Anati, "Chabwino." Sabata imeneyo isanathe anamwalira.

Popeza anafa asanabwezeredwe, mpingo sukanawaimbira. A gule nawonso analibe nawo gawo. Che Yusufu anatiperekeza mpaka pamphepete pa manda, n'kuima pamenepo okha, chipewa chili m'manja mwawo chonyowa. Bwalo la akulu linakhaladi mvula itatha, ndipo ndinamva kuti nkhani ya a Mbewe inatha msanga, pakuti mwini nkhani kunalibe.

Ine ndikupempherabe mu mpingo womwewo. A Kachingwe akamagawa mkate ndimalandira, chifukwa mkatewo si wawo. Ndimakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti Iye amene anadya ndi anthu okanidwa, amene anatsegulira Paradaiso munthu wopachikidwa pambali pake popanda kudikira bwalo, sanafunse a Mbewe kuti anaona ndani. Zimenezo sizindivuta. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu anapereka zonse zimene anali nazo pakhomo la abale ake, ndipo abalewo anati sitinaone. Ndimapempha Mulungu kuti andichotsere kuwawa kumeneku. Mpaka lero sanandichotsere.

Sabata yatha ndinapita ku Nathenje kukalambula pamanda. Pobwerera ndinadzera kumapeto kwa mudzi kuja. Kanyumba kaja anakagwetsa, monga amachitira ndi nyumba ya womwalira wopanda woilowa. Patsala chiunda cha dothi chamakona anayi, ndipo pamene panali khomo pamera chisoso. Njerwa zija anatenga ena kukapanga mafuwa. Kuseri, pamene panali moto, pamera maungu obiriwira kwambiri, masamba ake aakulu ngati mbale, atayanga mpaka kukwera chiundacho. Mayi wina wa pamudzipo, mkazi wa mdzukulu wa mlongo wawo, anali m'menemo akuthyola nkhwani. Sanandizindikire. Anati chaka chino maungu akanika m'minda monse, pabereka pano pokha, kaya agogo aja anatayapo chiyani. Ananditambasulira manja odzaza masamba kuti ndikadyere kunyumba. Ndinathokoza, koma sindinalandire.